Chigalimoto Chosaoneka Pomwera

Lolemba

Komiti ya ukwati wa Tadala yandipatsa za mayendedwe. Malume wake ndine, ndipo mayi ake ali ku Lilongwe, adzangoonera pa foni. Ndamulonjeza mchemwali wangayo kuti mwana wake afika ku tchalitchi m'galimoto imene Mmalawi wa ku Perth kuno ku Australia sanakwerepo. A Graham, nkhalamba yoyandikana nafe kuno ku Ellenbrook, ali ndi chigalimoto chakale cha ku America, chobiriwira, chotalika kuposa khonde lathu. Avomera kundibwereka! Akazi anga, amake Yankho, akuti bwanji osangotsuka yathu ija. Sakumvetsa.

Lachiwiri

Ndabwereka buku ku laibulale. Sungayendetse chinthu usakudziwa mbiri yake. Za lero:
- Galimoto zoyambirira zinalibe chiwongolero chozungulira. Ankakhotetsa ndi kamtengo.
- Poliza injini ankapukusa chitsulo kutsogolo, ndipo chikabwerera chinkatha kuthyola munthu mkono.
- Amene anatulukira waipa yopukuta galasi ndi mzimayi! Kale dalaivala ankatsika n'kupukuta yekha galasi.

Nanga mvula ikagwa tsiku lonse ankafika liti? Buku silikunena. Ndafunsa amake Yankho, iwo andifunsa ngati ndapeza basi ya kwaya. Sindinapeze.

Lachitatu

A Graham akundionetsa galimoto. Chiwongolero kumanzere, giya pachiwongolero pomwepo, mpando wakutsogolo umodzi wautali ngati benchi ya m'tchalitchi, kumbuyo zipsepse ziwiri. Akayamba kufotokoza, ine ndikuwatsirizira. Ndawauza kuti zipsepsezo anaonera ku ndege, adabwa. Mtima wanga mbee.

Tafika kumbuyo, akuti kuno kuli kanthu kena koseketsa. Ndati asavutike, ndikudziwa kale, m'buku muli zonse. Ndawauzanso kuti galimoto zina za nthawi imeneyo zinali ndi galamafoni mkati. Aseka, andipatsa makiyi. Akuti mawa akupita kowedza nsomba mpaka Lamulungu, ndipo kumeneko foni sigwira.

Lachinayi

Kuyeserera. Katatu konse ndalowa khomo lakumanja n'kukhala pansi, chiwongolero palibe. Pamsewu ndikuona ngati ndikuyenda m'ngalande. Koma anthu akubayibitsa, njonda ina mpaka kuvula chipewa!

Mchemwali waimba. Waitana amayi onse a kumpingo kwawo kuti adzaonere limodzi pa foni, ndipo za zipsepse wawauza kale. Ndikusangalala.

Buku ndafika pakati, ndapinda tsamba. Zotsalazo ukwati ukatha.

Lachisanu

Ku Mirrabooka kukakongoletsa: maliboni, mabaluni, maluwa apulasitiki. Mayi Tembo, mnzathu wa ku Zambia, akuti, "Ba malume, iyi motoka tizayamba ise kukwela." Akwera asanu. Tazungulira mashopu, kenako mpaka ku Fremantle kukajambulitsa. Njira yonse ndikuwaphunzitsa kuti kale malamba a m'galimoto kunalibe, anthu ankangodalira Mulungu.

Pobwera ndaona kamuvi ka petulo kagona. Chigalimotochi chimamwa, abale! N'chifukwa chiyani ankapanga injini zaludzu chonchi? Ndithira mawa m'mawa.

Loweruka

Saluni yachedwa, ine ndachedwa ndi basi ya kwaya. Ndalowa pomwetsera mafuta mkwatibwi ali kale m'galimoto, velo kumaso, kamuvi kali pansi penipeni. Ndagwira paipi, ndazungulira kumanzere. Palibe pothirira. Kumanja, palibe!

Malo amene tafufuza:
- m'buti
- m'boneti
- pansi, ine nditagwada ndi suti yatsopano
- pa foni, pamene aperekezi apeza kanema wonena kuti zina amathirira kuseri kwa chikwangwani cha nambala

Ndakoka chikwangwanicho. Chatsalira m'manja, kuseri kwake chitsulo chokhachokha. Foni ya a Graham siikugwira, monga ananenera. Abusa aimba kawiri, akuti masana holo ya tchalitchi ili ndi eni ake ena.

Tadala watsitsa galasi, wakweza velo. "Malume, ingondiuzani. Ndikwatiwa lero kapena ayi?"

Manyazi amene andigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndaimbira amake Yankho. Abwera ndi yathu ija, yosatsuka, mpando wodzaza nyenyeswa za mabisiketi. Angoyala chitenje pampando. Mkwatibwi wafika mochedwa ola lathunthu, ndipo kwaya yabwereza nyimbo imodzi mpaka mawu kusasa. Pa foni ndikumva mchemwali akufunsa, pamaso pa amayi anzake, kuti zipsepse zija zili kuti.

Lamulungu

Tadala wakwatiwa ndithu, ndipo pamadyerero anandivinitsa. Mchemwali sakuyankha mauthenga anga.

Ndapita ndi a Graham kumene tinakankhira galimoto. Adina kabatani pa nyale yakumbuyo yakumanzere, nyale yonse yatseguka, mkati muli chivundikiro cha thanki. Kanthu koseketsa kaja n'kameneko. Amake Yankho angoti, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Kunyumba ndatsegula buku. Nkhani yake ili patsamba lotsatira pamene ndinapinda, ndi chithunzi chomwe.

Komabe ndikufuna kudziwa: anabisiranji? Ndafunsa a Graham, ndipo ulendo uno ndakhala chete mpaka amalize. Akuti panalibe chifukwa china, ankangofuna kuti anthu akaiona galimotoyo aziti ndi yokongola. Anthu amenewo ndawamvetsa.