Khoma la Golosale ya Amalume

Lolemba
M'mapepala okulungira sopo ndapezamo magazini. Muli mayi wa ku Brazil wojambula zopanda munthu, zopanda nyumba: mizere, zozungulira, mitundu yokhayokha. Zithunzi zake zimakwera ndege, ine ndi satifiketi yanga ya Fomu 4 ndikuyeza mchere.
Khoma la golosale ya amalume pa Boma likufuna penti. Akuti aitane Yohane wolemba zikwangwani, yemwe uja anandisiya n'kukwatira mwana wa abusa. Ndati ayi, ndijambula ine. Andipatsa mpaka Loweruka. Ndikalephera, abwera Yohane.

Lachiwiri
Burashi, makwerero, penti wachikasu. Amalume: "Ku Brazil amajambulanso? Ndimayesa ndi mpira basi." Munthu wa imvi ameneyu!

Lachitatu
Chikasu chauma bwino. Ndinaiwala kuti ino ndi nyengo ya kampeni. Anyamata a chipani cha chikasu akuvina pakhonde, osagula ngakhale machesi. Amayi a Phiri, ogula mchere pano chiyambire, aima pamsewu: "Kani mwalowa?" Apita kukagula kwina.

Lachinayi
Ndawonjezera zozungulira zobiriwira ndi zofiira. Mayi wa ku Brazil uja akuti mitundu imayenera kulankhulana. Yalankhulanadi. Achikasu akuti tawagulitsa. Enawo akuti taika mitundu yawo pansi pa chikasu mwadala. Palibe ndi mmodzi yemwe waima patali n'kungoyang'ana. Mbuzi za anthu.

Lachisanu
Buluu. Ndimati alibe mwini. Ali naye.
Buledi akuuma pa shelefu. Yohane waimitsa njinga, wapendeketsa mutu: "Achemwali, chinayamba kugwa ndi chitini kapena inu?"
Achemwali. Ine.

Loweruka
Ogula lero: mwana wofuna switi, ndi woledzera wofunsa njira ya ku Kapondo. Amalume ayang'ana khoma nthawi yaitali. "Mphwanga, ku Brazil kwakoko savota?"
Madzulo laimu wafika.

Lamulungu
Pochokera ku tchalitchi, khoma layera mbuu, Yohane ali pamwamba akujambula buledi. Buledi ngati njerwa, botolo la mafuta lopindika khosi. Anthu akugwedeza mitu: "Eya, ichi ndiye chithunzi." Amayi a Phiri abwerera kudzagula mchere.
Magazini ija amalume akulungiramo sopo. Akuti ndimugwirire Yohane makwerero.
Ndagwira. Ndi manja onse awiri, kuopa kuti dzanja limodzi lingachite zomwe ndikuganiza.