Masabata Atatu M'mawa Umodzi

Kwa Chapananga,
Chikwawa.
14 Okutobala 1979.

Kwa Bambo Mtumwi,
Mpingo wa Kasupe wa M'chigwa,
Kufupi ndi minda ya nzimbe.

Bambo Mtumwi wolemekezeka,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ngakhale mawondo anga ndi okalamba ndipo pansi pano mwezi uno mpotentha ngati chiwaya. Dzina langa ndine Geresomo Alufandika, mlimi wa mapira ndi thonje, woweta timbuzi tochepa, munthu wosapita patali ndi sukulu. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Koma bambo Tomasi, mkulu wa mpingo wanu amene amakunyamulirani Baibulo ndi ambulera, mumawadziwa bwino. Ameneyo ndi mkamwini wathu. Anakwatira Juliana, mwana wa mlongo wanga, zaka khumi zapitazo, ndipo nkhoswe ya ukwatiwo ndine. Ali ndi ana atatu. Lero Juliana sali pabanja, komanso sanasudzulidwe. Mwamuna wake munamudalitsira ukwati wina inuyo, ndipo kumasula mkazi woyambayo mwamuletsa. Ndalemba kuti ndikuthokozeni, ndi kupempha kanthu kamodzi kakang'ono kumapeto.

Kalata ino ndailemba poyera, ndipo ina yonga yomweyi ndikaikhoma pamtengo wa pamsika, chifukwa makalata awiri amene ndinakutumizirani mwaulemu sanayankhidwe. Ndikudziwa kuti mumatanganidwa ndi miyoyo ya anthu ambiri.

Ndineneretu kuti nkhani ino si yandale. Khadi langa la chipani ndili nalo, la chaka chino, ndimalisunga m'buku la Masalimo kuti chiswe chisalipeze. Pamsonkhano ndimaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ndanena izi chifukwa ndamva kuti mlamu wanu ndi tcheyamani wa chipani kumeneko, ndipo sindifuna kuti munthu waudindo ngati ameneyo avutike kutuma anthu kudzandifunsa mafunso. Ulendo wake ndi wautali, ndipo m'njira mulibe madzi.

Zothokoza zanga nazi.

1. Ndikuthokozani chifukwa cha ubatizo wachangu. Ife a mpingo wakale wa mishoni anatipusitsa ndithu. Ine ndinakhala m'kalasi zaka zinayi, kuloweza mafunso ndi mayankho, kuyenda Lachitatu lililonse dzuwa likuswa mtengo. Chaka chachitatu anandibweza m'mbuyo chifukwa mphunzitsi anandimva fungo la kachasu pamaliro. Tomasi naye analowa kalasi yomweyo kawiri, ndipo kawiri konse anaitaya atafika pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, lija loletsa chigololo. Ankati ndi lovuta kuloweza. Koma atapita kukadula nzimbe anakupezani inu. Lachisanu anamva ulaliki wanu pamsika, Loweruka munamumiza m'ngalande yothirira nzimbe, anatuluka ali woyera. Zimene ine ndinavutikira zaka zinayi, iye anazitha malaya ake asanaume. Takhuta, monga anenera anzathu a ku Nsanje pothokoza.

2. Apa mpamene pagona nkhani. Ndikuthokozani chifukwa cha kalengezedwe kanu ka maukwati. Kwathu kuno ukwati wa m'tchalitchi amaulengeza masabata atatu otsatizana. Mbusa amaimirira n'kufunsa ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa awiriwo kukwatirana. Amafunsa Lamulungu lino, Lamulungu lamawa, ndi Lamulungu linalo. Ife mbuli tinkaganiza kuti masiku apakatiwo anawaikira anthu akutali, oyenda pansi, kuti mbiri iwapeze ndipo iwo afike.

Mbiri inandipezadi. Linali Lachinayi, mwezi wa Juni chaka chatha, ndili m'munda kutola thonje, pamene mnansi wathu wogwira ntchito kunzimbe anafika n'kundiuza kuti Lamulungu likubweralo mulengeza ukwati wa Tomasi ndi mayi wina dzina lake Filisi. Ndinapsa mtima, inde, koma sindinathamange. Ndinawerenga pazala, ndinapeza masabata atatu. Ndinati ndimalize kaye thonje ng'ombe za eni zisanalowe m'munda, kenako ndikatenge Lorenso, mkulu wake wa Tomasi, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna, pakuti pa mlandu wa banja nkhoswe siyenda yokha. Kulakwa kunali kwanga, Bambo Mtumwi, ndipo ndikuvomera. Ndinkayesa kuti sabata ya kwanuko ili ndi masiku asanu ndi awiri ngati ya kuno.

Tinayenda masiku awiri ine ndi Lorenso, kutsata mchenga wa mtsinje wa Mwanza, tikudya masau ndi malambe. Lorenso ali ndi mwendo wovuta, koma sanadandaule. Tinafika Lamulungu lachiwiri. Tinasamba kumaso pampope, ndinavala jekete langa, tinakhala pabenchi yakumbuyo. Mawu oti ndinene ndinali nditawakonza njira yonse. Munaimba, munavina, munalalikira za Yona mpaka thukuta kuyenderera m'ndevu. Ine khutu tcheru, kudikira funso. Funso silinabwere. Chimene ndinaona ndi Tomasi atavala mkanjo woyera, atakhala kutsogolo pamodzi ndi akulu a mpingo, akugwedeza mutu pa vesi iliyonse ngati analemba ndi iye.

Potuluka, mayi wina wachifundo anatifotokozera. Akuti Lamulungu loyamba lija munalengeza katatu ndithu, simunaphwanye lamulo ayi. Koyamba munafunsa nyimbo yotsegulira isanayambe, kachiwiri nyimboyo itangotha, kachitatu mutatsiriza ulaliki. Katatu konse palibe anaimirira. Masana munadalitsa ukwati, dzuwa lisanalowe anthu anali atadya mpunga. Ha! Nzeru zoterezi azungu a mishoni sanaziganize zaka zonse anakhala m'chigwa muno. Nthawi imene inu munkafunsa kachitatu, ine ndinali m'tchalitchi chathu kuno, ndikuimba mokweza, ndikudziuza kuti nthawi ilipo yambiri.

3. Ndikuthokozani chifukwa cha malandiridwe. Tinapempha kuonana nanu, anatiuza kuti muli m'pemphero. Tinadikira pansi pa mtengo wa bwemba kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, ndipo pemphero lanulo fungo lake linkatipeza pomwepo, linali la nkhuku yokazinga. Kenako munatuma mlembi wa mpingo kudzatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ukwati wosalembedwa m'buku lanu ndi wa mumdima, ndipo unapita ndi madzi tsiku limene Tomasi anabatizidwa. Chachiwiri, kuti anthu okonda kusokoneza misonkhano yamtendere masiku ano kumene amapita kumadziwika. Chachiwirichi tinachimva msanga. Lorenso anatola ndodo yake, ananyamuka osatsanzika ngakhale mng'ono wake.

4. Ndikuthokozani chifukwa cha madzi a m'ngalande yanu, pakuti ndi madzi odziwa kusankha. Anakokolola mkazi ndi ana atatu, koma njinga imene Tomasi anagula ndi thonje la m'munda wa Juliana anaisiya. Anasiyanso wailesi ndi bulangeti. Kwathu kuno Mwanza akadzaza amatenga zonse, mbuzi, nkhokwe ndi mphika womwe, safunsa chili cha mumdima ndi chiti.

Tomasi sitikumufunanso, izi zimveke. Filisi akhale naye, sitinakangane naye mayiyo, mwina nayenso sanauzidwe zonse. Chimene tikufuna n'choti amusudzule Juliana. Kusudzula mkazi kwathu si ntchito yaikulu. Mwamuna amabwera, amakhala pamphasa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali pomwepo, ndipo amanena ndi pakamwa pake kuti mkaziyo wamusiya, womufuna amutenge. Basi, nkhani yatha, aliyense kwawo. Koma popanda mawu amenewo Juliana akadali mkazi wa mwini. Akalowa m'nyumba ya mwamuna wina, mudzi umuyesa wachigololo, ndipo mpingo wake umudula ku Mgonero. Tatumiza mawu kanayi. Kanayi konse Tomasi wayankha kuti Mtumwi anaphunzitsa kuti wobadwa mwatsopano sakhala pamphasa ya ankhoswe, kutero n'kubwerera kumdima. Ndiye taonani mmene zakhalira bwino: kwa inu Juliana sanakwatiwepo, kwa ife ndi wokwatiwa, ndipo kumunda amapita yekha.

5. Ichi ndichinena mwamanyazi. Alipo munthu wina m'mudzi muno, Agusitino, amene mkazi wake anamwalira zaka zitatu zapitazo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wokumba zitsime mumchenga, wosamwa. Anabwera kwa ine mwaulemu kudzafunsira Juliana, ana atatuwo akuwadziwa, ndipo Juliana anavomera. Wadikira chaka chathunthu. Tsopano abale ake amupanikiza kuti munda wake sungalowenso dzinja lina wopanda mayi pakhomo, ndipo amupezera kale mkazi wina cha ku Ngabu. Iye wandiuza, maso ali pansi, kuti adikira kufikira mvula yoyamba. Mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri madzulo alionse.

Sabata yatha ndinasowa mtengo wogwira. Ndinamuitana Juliana n'kumuuza kuti njira yachidule ilipo. Ndinati iye ndi Agusitino atsikire kwanuko, Loweruka akamizidwe m'ngalande, ukwati wakale upite ndi madzi, Lamulungu muwalengeze katatu, Lolemba abwerere ali banja. Ndinanena zimenezi ine, Geresomo, wa zaka zinayi za kalasi, wonyamula mbale ya Mgonero m'tchalitchi chathu. Chiphunzitso chanu chafika patali, Bambo Mtumwi, mpaka m'kamwa mwanga.

Juliana sanakweze mawu. Anali akupeta mapira, ndipo sanaleke kupeta. Anangondifunsa ngati madzi amene anachotsa mwamuna woyamba sadzachotsanso wachiwiri tsiku lina akadzatopa naye. Ananenanso kuti iye analowa m'banja masana, anthu akuona, ankhoswe atakhala pansi, ndipo atulukamo chimodzimodzi ngakhale Agusitino amuphonye. Ndinatenga khasu n'kupita kumunda, kumene kunalibe chilichonse cholima. Mwana wouma mutu chonchi mundikhululukire naye, sanamve ulaliki wanu. Ndipo ndisakubisireni, mtima wanga ukuwawa. Mwana ameneyu ndinamunyamula ali wakhanda, ukwati wake ndinaumanga ndine, ndipo tsiku limodzi lokha limene anafuna kuti ndimuimirire ndinachedwa ndi sabata yathunthu.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri.

Inu amene munatha masabata atatu m'mawa umodzi, tibwerekeni Tomasi m'mawa umodzi wokha mvula isanagwe. Njinga ali nayo, safunika masiku awiri ngati ife. Ngati mphasa yathu ndi ya mumdima, abwere ndi mpando wake. Ngati mkanjo wake ungade ndi fumbi la kuno, tidzathira madzi pabwalo. Sitidzamufunsa za wailesi, sitidzamufunsa za bulangeti, ndipo ana tidzawatumiza kwa anansi kuti asamusokoneze ndi kumutchula kuti bambo. Anene mawu ake ochepawo, akwere njinga, abwerere kukuwala. Ambulera yanu tsiku limenelo wina akunyamulirani.

Koma mwina ndapempha chachikulu. Mwina munthu woyera sangaponde kwa Chapananga osadetsedwa. Ngati zili choncho, ndichepetsa pempho. Funso lija munafunsa katatu ine kulibe, lakuti alipo kodi wodziwa chifukwa choletsa ukwati wa Tomasi ndi Filisi, mulifunsenso kachinayi. Sankhani nokha Lamulungu lake, kaya nyimbo isanayambe kaya itatha. Mungondidziwitsa masiku angapo lisanafike, chifukwa ulendo uno tidzayenda pang'onopang'ono. Ndidzabwera ndi Juliana, ndi Helena wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi Andrea wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi Luisa amene bambo ake anamusiya akukwawa. Muwauze alamu anu asade nkhawa, msonkhano wanu sitidzausokoneza. Tidzakhala pabenchi yakumbuyo, sitidzatsegula pakamwa ngakhale mmodzi. Mukadzafunsa, ife asanu tidzangoimirira.

Ndine wanu wochedwa, wochepetsetsa mwa oyenda pansi,

Geresomo Alufandika,
Nkhoswe ya kuchikazi.