Tsiku lomwe ndinadula agogo anga mumpingo

Mpaka lero ndikamva alembi a mpingo akukonza kukhosi kuti ayambe kuitana mayina, ndimaweramitsa mutu. Nkhaniyi ndinkafuna kufa nayo, koma poti kwathu ku Nsaru aliyense akuidziwa kale, bola ndiinene ndekha.

Ndinaleredwa ndi agogo, mayi a malemu mayi anga. Sindiyankhulayankhula, ndimakonda kukhala pakona n'kumaona zochitika (anzanga kusukulu ankanditcha kadzidzi). Nditamaliza maphunziro a makompyuta m'tauni ndinabwerera kumudzi kukadikira ntchito. Apo m'pamene alembi a mpingo wathu, a Chisale, anandipempha kuti ndisamutsire mayina a akhristu mu laputopu, poti buku lakale chiswe chinali chitayamba kulidya.

Ndinalemba kapulogalamu kogwiritsa ntchito chomwe timachitcha hashi mapu. Muganize za shelefu ya timabokosi tambirimbiri, kalikonse ndi kiyi wake. Ukapereka kiyi, kompyuta imalunjika pa kabokosi kakeko. Ukati chotsa, imachotsa basi, sifunsa ngati watsimikiza. Ine ndinasankha kuti kiyi akhale dzina la munthu. Aphunzitsi athu ankatiletsa zimenezi, koma ndinati mpingo wa kumudzi si banki.

Lachinayi lina a Chisale anandiimbira foni.

"Mwanawe, Loweruka tikugawa makhadi a mgonero. Usindikize mayina, koma uchotse Malita Phiri. Uja tinaika m'manda mwezi watha."

"Chabwino, bambo."

Ndinalemba Malita Phiri, n'kudina. Pulogalamu imaonetsa zomwe yachotsazo, dera la munthuyo ndi zina, koma kadzidzi uja tsiku limenelo sanayang'ane. Ndinkathamangira kutseka laputopu batire isanathe.

Loweruka tchalitchi chinadzaza. Kwa amene simudziwa, kwathu munthu amene dzina lake silinaitanidwe tsikuli ndiye kuti wadulidwa, ali ndi mlandu ndi mpingo. A Chisale anawerenga bwinobwino mpaka anafika pena.

"Malita Phiri."

Ndinaona agogo, amene anakhala kutsogolo, akugwira benchi n'kuyamba kudzuka. Ndinadabwa. Akupita kuti?

"Wa dera la kutsidya," a Chisale anamaliza, kenako mawu anawathera.

Agogo anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Kumbuyo, mwana wamkazi wa malemu uja anayamba kulira. A Chisale anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine ndinayang'ana zala zanga za kumiyendo. Anapitiriza mpaka dzina lomaliza. Agogo khadi sanalandire.

Potuluka, manong'onong'o anali atayamba kale.

"Anaphiri awadula, eti?"

"Pa msinkhu umenewu? Atani?"

"Paja chimanga chawo chija chimatha msanga. Kaya n'kachasu."

Agogo anayenda patsogolo osatembenuka, ine pambuyo. Titafika ndinalowa m'chipinda n'kutsegula laputopu. Ndinalemba Marita Phiri, wa R. Analipo, wa dera la kutsidya, wamoyo ndithu m'kompyutamo. Ndinalemba Malita Phiri, wa L. Palibe.

Ndinakhala pansi. Kwa ife L ndi R n'chimodzimodzi, pakamwa sitiwasiyanitsa. Kwa kompyuta ndi anthu awiri osadziwana. Koma chachikulu si chimenecho. Ine moyo wanga wonse ndinkawadziwa kuti agogo. Mudzi wonse umati Anaphiri. Ndani amatchula dzina la munthu wamkulu? Dzinalo ndinalikopera ndekha kuchokera m'buku lija, osadziwa kuti ndi la munthu amene amandiphikira.

Ndinawapeza pakhonde akupinda bulauzi yawo yoyera ya pa mgonero, akuibwezera m'sutikesi.

"Iwe ndiwe umasunga mayina," anatero osandiyang'ana. "Akuti ndalakwa chiyani?"

Mawu awo ankanjenjemera. Sindinawamvepo choncho, ngakhale pa maliro a mayi. Kunena zoona, ndinaganiza zonamizira kompyuta (ikanadziteteza bwanji?). Koma ndinagwada.

"Agogo, ndakudulani ndine."

Ndinayamba kufotokoza za timabokosi ndi makiyi.

"Kiyi wa chiyani? Wa tchalitchi?"

"Ayi, kiyi wake ndi dzina. Sindinadziwe kuti dzinalo ndi lanu."

Anasiya kupinda.

"Ndakusambitsa, ndakuchapira, ndagulitsa mbuzi kuti uphunzire. Dzina langa sulidziwa?"

"Simunandiuzepo."

"Ukanatani nalo?"

Anatulutsanso bulauzi ija n'kuikutumula.

"Pita ukawauze a Chisale. Ndipo mawa ukanene wekha pamaso pa mpingo. Amene anena za kachasu aja amve ndi makutu awo."

Usiku umenewo tulo sindinatione. Lamulungu, ine amene ngakhale pa kwaya ndimangoyendetsa milomo, ndinaima kutsogolo. Ndinapepesa banja la malemu. Kenako ndinayenera kutchula dzina la agogo anga, mokweza, iwo ali pomwepo. Linatuluka ngati kulira kwa mwanapiye. A Chisale anati kumbuyo sanamve, ndibwereze. Ndinabwereza. Agogo anadzuka, anayenda mosafulumira pakati pa tchalitchi, n'kulandira khadi lawo ndi manja awiri.

Tsopano mkhristu aliyense ndinamupatsa nambala yake, ndipo sindichotsa munthu ndisanawerenge dera lake katatu. Koma madzulo a tsiku lomwelo, pobwezeretsa dzina lija, ndinati ulendo uno nditsimikize.

"Agogo, kodi ndi Malita kapena Marita?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuwerenga mbuzi zomwe anataya.

"Iwe, wanena dzina limodzi kawiri."