Nkhalango Yanga ya ku Njewa

Zamanyazi zina ndi bwino kuziulula wekha anzako asanaziwonjezere zawo. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa Yamikani akayamba kuifotokoza nkhaniyi amanama kwambiri.

Ine ndinabadwira ku Kawale, ndipo sindilola munthu kunyoza Lilongwe ndili pomwepo. Yamikani ndi mnzanga wa kusekondale, amakhala ku Blantyre. Atabwera kudzacheza weekend ina mu Okutobala, anangotsika basi n'kuyambapo.

"Aise, mumakhala bwanji muno? Fumbi ndi ma roundabout basi! Kwathu ukangotsegula chitseko, phiri ili apa."

Zinandiwawa kwabasi.

"Mawa ndikakuonetsa nkhalango," ndinatero. "Ukapanda kugoma, ndivomera pamaso pa akazi anga kuti Blantyre ndi yoposa."

Nkhalangoyo ndinali nditangoionera patali popita kukakonza firiji ku Njewa: minda yonse mbee, koma pakati pake mitengo ikuluikulu yothithikana, yobiriwira ngati kwagwa mvula. Kulowamo ndinali ndisanalowemo, koma zimenezo sindinamuuze.

Loweruka m'mawa tinakwera kabaza wa njinga zamoto, titanyamula chitenje choyala, tchipisi, zakumwa ndi ka speaker. Tinatsikira pamsewu n'kudutsa m'minda wapansi. Titangolowa m'mitengomo, kamphepo kayaziyazi, mbalame zili pokopoko. Yamikani anayang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa.

"Eee, koma iyi ndiye mitengo! Nanga a makala aisiya bwanji?"

"Kuno anthu ndi ozindikira, aise. Conservation!"

"Nanga timilu ta dothi tili m'mizereti?"

"Chiswe. Chiswe cha ku Lilongwe chimamanga mwadongosolo."

Pa timilu tina panali mbale zosweka ndi makapu akale. Apa ndinapukusa mutu, ndikudandaula anthu a picnic osaphunzira, n'kuzitolera zonse mu jumbo kuti mlendo aone kuti ife aukhondo tilipo. Kenako tinayala chitenje, nyimbo n'kutsegula.

Posakhalitsa kunatulukira azibambo atanyamula makasu, mapiki ndi mafosholo. Wamkulu wawo, bambo wa magambuti, anagoneka bango lalitali pansi n'kulemba m'mbali mwake ndi khasu.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe.

"Waona? Akukumbiratu maenje odzalamo mitengo mvula isanabwere. Mpaka muyeso! Ku Blantyre zilipo zimenezi?"

"Aise, tadikira kaye..."

"Gwira foniyi, uzijambula!"

Ndinavula malaya, n'kukalanda khasu kwa mmodzi wa iwo. Azibambo aja anayang'anana. Wa magambuti anandiyandikira mwaulemu.

"Kodi ndinu abale a ku tauni aja amati akubwera?"

"Eya, a ku Kawale!"

"Pepani kwambiri, achimwene."

"Palibe chopepesa, abambo! Ine ntchito imeneyi imandisangalatsa. Ndikanakonda tizichita weekend iliyonse!"

Wina anatsokomola. Wina anaika fosholo pansi n'kundiyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine ndinkangoti akugoma ndi mphamvu zanga, ndiye ndinawonjezera moto. Dothi linali gwa, koma ndinakumba ngati ndalipidwa. Dzenje linafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Litafika pachifuwa ndinayamba kudabwa pang'ono.

"Abambo, mtengo wake ndi waukulu bwanji?"

"Mtengo wake uti?"

Nthawi yomweyo kumudzi kunamveka amayi akuyimba, nyimbo yapang'onopang'ono ija aliyense amaidziwa. Nditasuzumira kunja kwa dzenje, ndinaona Yamikani atazimitsa kale speaker, chipewa chili m'manja, mutu uli pansi ngati mkulu wa mpingo.

Wa magambuti ananjuta m'mphepete mwa dzenje.

"Achimwene, inu a Nachisale ndi ndani wanu?"

"A Nachisale ake ati?"

"Amene mukuwakumbira mandawa."

Abale inu! Thukuta lonse linazizira nthawi imodzi. Ndinayesa kutuluka, koma dzenje ndinali nditalikumba bwino kwambiri moti ndinangoterereka n'kubwerera pansi. Anachita kundikoka awiri.

Nditafotokoza za nkhalango ndi conservation, azibambo aja, amene tsopano ndinadziwa kuti ndi adzukulu okumba manda, anaseka chobisa pakamwa mpaka wina anakhala pansi. Koma ataona jumbo, kuseka kunatha.

"Mbale iliyonse ibwerere kwa mwini wake."

Ndiye ndinayamba kuzungulira manda ndi jumbo yanga, kugwada pa mulu uliwonse ndi kupepesa, adzukulu akundilondolera kumbuyo. "Ayi, kapu yobiriwirayo ndi ya apo!" Tchipisi ndi zakumwa anatilanda, amvekere chakudya chikalowa kumanda ndi chawo. Anatinso woyamba kukumba sachoka asanakwirire, choncho ine ndi mlendo wanga tinakhala nawo maliro onse a mayi amene sitinawaonepo, ndipo ndinayimba nawo besi.

Koma musaiwale chinthu chimodzi. Pokwirira, wa magambuti anauza anzake kuti manda owongoka m'mbali chonchi anali asanawaonepo pamudzipo. Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero ndimanyadira.

Tikutuluka m'mitengomo, ndinamugwira Yamikani pamkono.

"Zamandazo zisiye. Mitengo ija, ku Blantyre iliko?"

Anaganiza kaye, n'kupuma mozama.

"Kunena zoona, aise, kulibe. Ndagoma."

Ndinawina! Ndinali ndikuyenda kale monyang'wa, dothi lili mbuu mpaka m'makutu, pamene ndinamva magambuti akuthamanga kumbuyo kwathu.

"Achimwene a ku Kawale! Tasiyani nambala yanu ya foni. Paja munati weekend iliyonse, eti?"

Mukaona mitengo yoti ngakhale a makala aisiya, funsani kaye amene akugona pansi pake musanayale chitenje.