Kafukufuku wa Anthu Ouma

Kuseri kwa phiri lina, kumene msewu wa boma umatopa n'kusanduka kanjira ka njinga, kuli mudzi umene mtsinje unaudula pakati. Tsidya lino kuli sukulu, chigayo, tchalitchi ndi anthu onse a maudindo. Tsidya linalo kuli minda, dothi labwino loumbira njerwa, ndi anthu amene amangouzidwa zimene zagwirizanidwa. M'chilimwe mtsinjewo ngakhale nkhuku imauoloka. Koma kuyambira Januwale mpaka Malichi umakumbukira kuti ndi mtsinje.

Chaka china bungwe lina lachifundo linalonjeza kumangira mudziwo chinthu chimodzi chokha: mlatho, kapena holo yochitiramo misonkhano. Linati eni mudzi asankhe okha, koma apereke umboni wa ziwerengero mwezi wa Malichi usanathe. Ntchitoyi inagwera Bambo Gwedeza, Mlembi Wamkulu wa Komiti ya Chitukuko, Wachiwiri kwa Wapampando wa Komiti Yoyang'anira Makomiti, ndiponso Msungi wa Chidindo. Iwowa anali atangochokera kumaphunziro a masiku atatu kuboma, kumene anabwerako ndi chikwama, kapu yolembedwa dzina la bungwe, ndi mawu awiri a Chingerezi: statistical inference.

Mawuwa paokha alibe mlandu. Kwa eni ake amatanthauza luso lodziwa za anthu ambiri utafunsa ochepa okha, monga wogula mtedza sakhuthula thumba lonse koma amatapa dzanja limodzi n'kudziwa za thumbalo. Komatu eni akewo amaikapo malamulo awiri. Ochepawo asankhidwe mosakondera, ndipo wopereka zotsatira anene poyera kuti akhoza kuphonya ndi mlingo wakutiwakuti. Zikuoneka kuti malamulowa anaphunzitsidwa tsiku lachitatu masana, Bambo Gwedeza atatuluka kale kukagwira basi.

Kafukufuku anachitika pakati pa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osapuma. Anachitikira m'kalasi ya Sitandade 5, tsidya lino. Anabwera anthu makumi anayi.

"Safunsa anadya phula," anayamba motero a Mlembi, "ndiye ife tifunsa. Alipo pano amene wavutika kuoloka mtsinje lero?"

Panalibe.

"Alipo amene wanyowa?"

Mkulu wina wa mpingo anakweza mkono. Denga la kalasi linkadontha pamene anakhalapo. A Mlembi analemba kuti munthu mmodzi pa makumi anayi alionse amanyowa, ndipo chomunyowetsa ndi kusowa kwa holo.

Mayi wina wakuchigayo anafunsa chapansipansi ngati a tsidya linalo sanayenera kufunsidwa nawo.

"Anaitanidwa," anatero a Mlembi. "Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Akanakhala ndi dandaulo akanabwera."

Chonsecho pawindo pankaoneka anthu ambirimbiri ataima kugombe linalo, akukuwa ndi kukupiza nsalu, madzi ofiira akulindima pakati. Mawu awo sankamveka. A Mlembi anawayang'ana kwa kanthawi, n'kulemba kuti anthu a tsidya linalo analandira kafukufukuyu ndi chisangalalo chooneka ndi maso.

Pakati pa okupiza nsaluwo panali Mai Nachanza, wogula ndi kugulitsa mtedza. Mwana wawo Tiyanjane anali atalephera mayeso a Sitandade 8 kawiri. Mutu anali nawo, koma chaka chilichonse miyezi itatu ya sukulu ankaithera kugombe, akuonera anzake akulowa m'kalasi. Chaka chimenechi chinali chachitatu, ndipo amalume ake anali atayamba kale kutchula za banja.

Madzi atatsikako pang'ono, Mai Nachanza anaoloka akuwafika m'chifuwa, n'kupeza a Mlembi pakhonde akuumitsa chidindo.

"A Mlembi, akuti tasankha holo?"

"Ziwerengero zasankha, mayi. Anthu zana pa zana alionse savutika kuoloka."

"Munafunsa ndani?"

"Amene analipo."

"Inetu ndimagula mtedza," anatero Mai Nachanza, akufinya chitenje. "Wogulitsa aliyense amaika wonona pamwamba. Ndikamatapa ndimapisa dzanja mpaka pansi pa dengu. Inu mwatapa pamwamba."

A Mlembi anamwetulira mwachifundo. "Zimene mukunenazo, mayi, ndi nkhani ya munthu mmodzi. Kumaphunziro anatichenjeza kuti nkhani ya munthu mmodzi si umboni. Ndiponso mwafika bwanji kuno ngati mtsinje suoloka?"

Anatsegula chikwama n'kuwonjezera dzina lawo pa mndandanda wa ooloka bwinobwino. Ofunsidwa anakwana makumi anayi ndi mmodzi, ndipo umboni unalimba.

Vuto linali limodzi. Holo imafuna njerwa, ndipo uvuni wokhawo wa njerwa zootcha unali tsidya linalo. Choncho m'mawa wina wa mu Malichi, kutatsala masiku awiri kuti lipoti litumizidwe, a Mlembi anapinda thalauza, anaoloka madzi a m'mawondo, n'kukawerenga njerwa za eni ake m'dzina la chitukuko. Kumwamba kunali koyera. Koma aliyense wa tsidya linalo amadziwa kuti madzi a mtsinjewo sachokera kumwamba kwa mudzi, amachokera kuphiri, ndipo kuphiriko kunali kutada kuyambira m'mamawa. Akanafunsa akanauzidwa. Sanafunse, poti kafukufuku anali atatsekedwa.

Madzi anawapeza ali pakati pobwerera. Mwamwayi pamenepo pali mwala waukulu umene amayi amachapirapo m'chilimwe. A Mlembi anaukwera chokwawa, nsapato imodzi itapita kale kunyanja, chikwama cha lipoti chili pamutu. Anakuwa m'Chichewa chenicheni, chopanda liwu lililonse la kumaphunziro.

Anthu a tsidya linalo anasonkhana kugombe. Amuna anabweretsa chingwe chimene amaolotsera odwala. Mai Nachanza anawapempha kuti ayambe adikira, poti zinthu za chitukuko sizichitika popanda umboni. Anayenda pamzere n'kumafunsa mmodzimmodzi, mokweza kuti a pamwala amve.

"Achimwene, mukumira?"

"Ayi."

"Inu apongozi, mwanyowa?"

"Ndine wouma ngati chikuni."

Anafunsa anthu makumi anayi ndi mmodzi, osachepera. Kenako anatembenukira kumtsinje.

"A Mlembi, nkhani ndi yabwino. Zana pa zana alionse ndi ouma. M'mudzi muno palibe amene ali m'madzi."

"Ine ndili m'madzi!"

"Imeneyo ndi nkhani ya munthu mmodzi, bambo."

Madzi anakwera kufika pa akakolo. A Mlembi anakweza dzanja limodzi n'kuyamba kulikupiza.

"Taonani," anatero mkulu wina wogwira chingwe, "akusangalala."

Apa ndi pamene Bambo Gwedeza anakumbukira zinthu zimene sanaphunzire. Ananena okha, popanda wowauza, kuti wofufuza ayenera kufunsa ngakhale amene sanathe kufika. Ananena kuti ziwerengero zikhoza kuphonya. Atafunsidwa kuti zikhoza kuphonya ndi mlingo wotani, anayang'ana pansi n'kuyankha kuti pakadali pano ndi wa m'mawondo, koma ukukula.

"Ndiye tikufunseni inunso," anatero Mai Nachanza. "Holo kapena mlatho?"

Chingwe chinaponyedwa yankho litamveka kawiri.

Lipoti latsopano linalembedwa madzulo omwewo pamphasa ya Mai Nachanza, a Mlembi atafunda chitenje chobwereka, Tiyanjane akuwakonzera masamu. Linati anthu zana pa zana alionse ofunsidwa akufuna mlatho mwamsanga. Chidindo chinali chonyowa koma chinagwira.

Mlathowo ulipo, ndipo Tiyanjane anakhoza. Komabe odziwa za luso lija angadandaule, ndipo sangakhale akulakwa, chifukwa kafukufuku wachiwiriyu anali woipa kuposa woyamba uja. Woyamba anafunsa anthu makumi anayi ndi mmodzi. Wachiwiri anafunsa munthu mmodzi yekha, wosankhidwa ndi madzi, ali pamwala, wa nsapato imodzi. Anthu mazana atatu anali atanyowa mumtsinje umenewo kwa zaka makumi awiri, koma ziwerengero sizinawaone. Zinayamba kuona tsiku limene linanyowa thalauza la Msungi wa Chidindo.