Odwala Sathamanga

Lolemba

Thupi lonse likuphwanya. Kuchipatala andibaya chala: malungo. Sabata ino yeniyeniyi!

Loweruka ndi tsiku loyesedwa. A Msiska, aphunzitsi anzanga amene amatsogolera gulu lathu lothamanga, ananena poyera: wolephera kuthamanga kuchokera pa Uliwa mpaka ku Ngara, mpando wake mu minibasi yopita ku marathoni ku Lilongwe upatsidwa kwa wina. Miyezi isanu ndakhala ndikudzuka ndi atambala, ine mayi wa zaka 46. BP inatenga amayi anga asanakwane 50, ndipo ndinalumbira kuti ine ikandifuna izichita kundithamangira.

Ndondomeko:
1. Kumwa mapiritsi masiku atatu.
2. Osauza aliyense.
3. Lachinayi kuyambiranso pang'onopang'ono.

Lachiwiri

Mfundo yachiwiri yafa. Amuna anga, bambo a Tiya, auza mlongo wawo. "Mmodzi yekha, mama." Pofika masana pakhomo pali mapatapata osawerengeka.

Kwathu ku Dedza timazondana, inde, koma kuno kuzonda wodwala ndi ntchito ya tsiku lonse. Akakupeza uli chiimire amakhumudwa, ngati wawayendetsa ulendo wachabe. Ndagona pamphasa mwaulemu, n'kumabuula pang'ono kuti alendo asadandaule.

Zomwe zabwera: mbalagha poto wodzaza (nthochi zochepa, nyama yambiri), chambiko, usipa wa ku Ngara, mpunga. Adokotala anati mankhwalawa ndizimwera chakudya. Pa zonse ananena, bambo a Tiya anagwira mawu amenewa okha, ndipo akuwalalikira kwa aliyense.

Lachitatu

Abwera a Nyagondwe, mtsogoleri wa amayi akutchalitchi kwathu, zaka zoposa 60, mawu ngati belu. Afika 8 koloko, achoka dzuwa litapendeka. Aona nsapato zanga zothamangira pansi pa mpando, n'kuzinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ndi izi zakudwalitsani, mama aticha. Munthu mulala, wamkulu ngati inu, kuthamanga, kumbuyo kulibe chokuthamangitsani!"

Ndati ndi udzudzu.

"Udzudzu ukuluma tose. Ise tikudwala?"

Ndadya mbale yachiwiri.

Lachinayi

Mapiritsi atha! Ndazembera kuseri kwa khitchini kukawongola miyendo. Mwendo umodzi pamtondo, mutu pabondo, ndikuwerenga mokweza. Potukula maso ndaona Che Yusufu agolosale, aja a ku Mangochi, ataima ndi buledi m'manja.

"Pepani amayi. Kani zafika pamenepa?"

Asiya bulediyo pawindo, ulendo. Sanatsanzike n'komwe, ndipo golosale yawo ndiye wailesi ya pa Uliwa.

Madzulo nsapato zasowa. Bambo a Tiya akuti sakudziwa. Akunena akuyang'ana kudenga.

Lachisanu

Zapezeka m'thumba la mpunga. Zaka makumi awiri tili pabanja, akuganizabe kuti sinditsegula thumba la mpunga!

Ndayesa kuthamanga malo amodzi m'bafa. Mphindi zitatu, chizungulire. Kabudula akuthina m'chiuno, mbalagha yagwira ntchito yake.

Alendo lero akunong'onezana m'Chitumbuka, ine ndikalowa amasintha nkhani. Ndatolapo mawu amodzi: "kumutu."

Ndalembera a Msiska kuti mawa ndikubwera. Ayankha: "Mwachira?" Kunena zoona ndili ndi mantha. Koma ndikasiya mawa, ndikudziwa kuti ndasiyiratu, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa malungo.

Loweruka

Ndatulukira khomo lakuseri m'mamawa. Kabudula, kapusi, nsapato zonunkha mpunga. Ndikuthamanga m'mbali mwa msewu kupita poyambira. Miyendo ngati phala, koma ikuyenda.

Patsogolo, amayi asanu ndi mmodzi, mabeseni pamutu, akubwera kwathu kudzandipempherera. Ndakweza dzanja kupereka moni, n'kuwadutsa.

"Mama aticha! Malungo yakwera kumutu! Mukoleni!"

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndawonjezera liwiro. Kumbuyo ndikumva pha pha pha. Mapatapata. Akuyandikira. Ndapereka zonse za miyezi isanu, mpweya, manja, zonse zimene a Msiska amatiphunzitsa. Andigwira ndisanafike pachigayo. A Nyagondwe. Beseni sanatule n'komwe!

Andikulunga chitenje, manja m'kati. Ndikukuwa kuti ndili bwinobwino, ndikungopita ku Ngara wapansi.

"Mukumva? Ku Ngara wapansi. Yehova, muthandizeni."

Andikweza pakabaza, amayi akuimba nyimbo m'mbuyo. Panjira takumana ndi gulu lathu, likuthamanga. A Msiska angovula chipewa, monga amachitira anthu maliro akamadutsa.

Adokotala: malungo atha, kumutu kulibe vuto, koma magazi achepa. Osathamanga milungu iwiri. Amayi aomba m'manja.

Lamulungu

Mpando wapatsidwa kwa namwino wina wa ku Mlare. Ndalirira m'bafa, malo okhawo opanda alendo.

Kutchalitchi, akutero bambo a Tiya, athokoza Mulungu kuti ndinagwidwa ndisanafike kunyanja. Anthu anati ameni kawiri.

Masana abwera a Nyagondwe ndi phala la mpunga. Akhala pansi, aika mapazi anga pamiyendo pawo, n'kumawathowa ndi madzi ofunda. Munthu womaliza kundichitira zimenezi anali amayi anga. Ndinakonza mawu aukali, ndawameza ndi phala lomwe.

Kenako odi, a Msiska. Ndadzuka, ndakonza duku, ndati mwina mpando wina wapezeka. Andifunsa za thupi mwachidule, maso ali kwina. Agwada pafupi ndi a Nyagondwe, n'kufunsa ngati chaka chamawa angalowe m'gulu lathu.

"Ine? Yayi, dada. Kuthamanga popanda womugwira?"

Aganiza pang'ono, n'kundisisita phazi.

"Koma mama aticha akathawanso, mundiitane."