Komwe Tikumbe Chimbudzi

Lolemba, 12 Okutobala

Chimbudzi cha pa yadi pathu chadzaza. Mabanja asanu, dzenje limodzi, mvula ili pafupi. Mwana wanga Taonga wayamba kukwawa, chilichonse m'kamwa. Malo okumba chatsopano alipo awiri: kuseri kwa chipinda cha ba Mwansa, kapena pafupi ndi khomo langa. Pakhomo panga ayi!

Sindikuopa. Mwezi watha anthu a kafukufuku anatiitana kuholo ya tchalitchi kukakambirana za madzi osefukira muno mu Kanyama. Njira yawo ndinaiona ndi maso anga:
1. Onse akhale mozungulira.
2. Alankhule amene wagwira ndodo, ena chete.
3. Katswiri afotokoze.
4. Wotsogolera asanene maganizo ake.
5. Voti. Zatuluka zatuluka.

Palibe amene anatukwana mnzake. Pano nditsogolera ndine. Pofika Lachisanu nkhani yatha!

Lachiwiri, 13

Ku mafakitale a ku Industrial ganyu kulibe, geti sanatsegule n'komwe. Chabwino, nthawi ndili nayo. Ndodo ndi mpini wa tsache. Oyamba kuigwira ba Mwansa, mkulu wa mpingo. "Tiyambe na pemphero." Pemphero, umboni, nyimbo ziwiri. Kuwadula sindingathe, lamulo ndalengeza ndekha. Za chimbudzi sitinafikeko. Koma anthu akhala mozungulira! Chiyambi chabwino.

Lachitatu, 14

Amake Junior a chipinda chapakati: "Vakumwa na mabanzi vili kuti? Baja ba kafukufuku bamapasa." Mabanzi! Ufa wakweranso dzulo. Ndawapatsa madzi.

Katswiri wathu ndi ba Zulu, omanga nyumba. Agogoda pansi ndi piki uku ndi uku. "Kwa ba Mwansa ni mwala weka-weka. Apa pa khomo ni pofewa monga buledi." Mtima wanga phaa! Lamulo lachinayi. Ndangoti, "Zikomo katswiri." Mwala umasweka ukauwotcha ndi matayala, aliyense akudziwa. Wina anena mawa.

Lachinayi, 15

Palibe amene wanena.

Lero timagulu ting'onoting'ono. Ndalakwitsa pang'ono: amake Taonga ndawaika gulu limodzi ndi ba landilodi, amene akweza lendi kawiri chaka chino. Ndodo yafika kwa iwo, ayang'ana ba landilodi, akuti "Vili che bwino," apereka kwa wina. M'nyumba ndiye pakamwa patseguka. "Batate ba Taonga, kambani! Mwana ni wanu olo ni wa ndodo?" Ndawafotokozera kuti wotsogolera akalankhula anthu amangomutsatira, sichikhalanso chilungamo. Anthu ali ndi maso, mwana akumuona akukwawa. Voti itipulumutsa.

Lachisanu, 16

Zitini ziwiri, aliyense chitsekerero chimodzi cha botolo. Wotsogolera saponya. Ndawerenga ndekha pamaso pa onse.
Kuseri kwa ba Mwansa: chimodzi.
Pakhomo panga: zisanu ndi zinayi.
Ndawerenganso. Chimodzimodzi.

Ba Mwansa: "Mulungu ayankha!" M'manja. Ba landilodi andigwira paphewa: "Zaka zonse pa yadi pano sitinamvanepo. Uyu mwana ali na nzeru."

Loweruka, 17

Ndanena za matayala. Ndanena za Taonga, za ntchentche, za kolera. Onse kudabwa. Amake Junior: "Sembe munakamba! Ise tenze kuona mugwedeza che mutu, zikomo zikomo. Tinati mufuna pafupi." Ndapempha kuti tivotenso. Yadi yonse pamodzi, ngati ana a sukulu: "Zatuluka zatuluka!" Ndinawaphunzitsa bwino.

Piki apatsa ine, akuti wapampando ndiye ayambe. Dothi ndi lofewadi.

Lamlungu, 18

Dzenje lafika m'chiuno. Kuchokera pakhomo, mapazi asanu ndi awiri. Ndayeza kawiri. Amake Taonga akundilankhula kudzera mwa mwana: "Uza batate bako tiyi yazizira."

Zofunika:
paleti imodzi ya matabwa
misomali
tizidutswa ta tayala, ta mahinji
chivundikiro cha pabowo, cholemera

Kageti ka pakhomo. Izi sindifunsa munthu. Katalike kufika m'bondo. Taonga akayamba kuyenda ndiwonjezera thabwa lina.